Ultra yoyamba ya m'mapiri: mmene mungakonzekere kuti mukafike kumapeto

Marathon ndi makilomita 42.195. Mpikisano uliwonse wothamanga wopitirira pamenepo amautcha ultramarathon, kapena ultra mwachidule, ndipo mitunda yofala ndi makilomita 50, 80, 100 ndi 161. Ina imachitikira pa tala, monga Comrades ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg yomwe inayamba mu 1921. Malangizo awa ndi a ultra ya m'tinjira ta m'mapiri ndi m'nkhalango, momwe muli miyala, mizu, matope ndi zitunda, ndipo tikuganizira munthu amene akufuna kumaliza makilomita 50 koyamba.

Amene amasiyira panjira pa mipikisano yotere kawirikawiri mpweya amakhala akadali nawo. Zimene zimawakhazika pansi ndi mimba yokana chakudya, matuza, ntchafu zimene zatheratu chifukwa cha kutsetsereka, kuzizidwa, ndi kufika pa siteshoni (malo a panjira opezerapo madzi ndi chakudya) nthawi yake yotsekera itadutsa kale. Vuto lililonse mwa awa limayamba laling'ono, kukadali maola awiri kapena atatu kuti likugwetseni.

1. Werengani mpikisanowo m'maola

Musanalembetse, pezani zinthu zitatu: kutalika kwa njira, mamita onse okwera, ndi nthawi yotsekera pa siteshoni iliyonse. Chachiwiricho n'chimene oyamba kumene amachidumpha. Bungwe la International Trail Running Association, ITRA mwachidule, limawerengera mamita 100 okwera ngati kilomita imodzi yowonjezera. Choncho makilomita 50 okhala ndi mamita 2,000 okwera amalemera ngati makilomita 70 a pamalo athyathyathya. Ngati mukamathamanga mosadzipanikiza mumatenga mphindi 7 pa kilomita, chulukitsani 70 ndi 7. Mupeza mphindi 490, omwe ndi maola 8 ndi mphindi 10. Onjezeranipo nthawi yoima pa masiteshoni, ndipo njira ikakhala ya miyala yambiri kapena matope, ikanipo ola lina. Munthu amene marathon amaimaliza m'maola anayi amaona ngati masamuwa alakwika. Sanalakwike ayi.

Yankho limeneli liyerekezeni ndi nthawi yotsekera. Ngati likusiyana nayo ndi mphindi zochepa chabe, sankhani mpikisano wina, chifukwa kuthamanga tsiku lonse mukuyang'ana wotchi kumakupangitsani kudumpha chakudya ndi kunyalanyaza mapazi. Woyamba wabwino ndi wa makilomita 50, mamita okwera pakati pa 1,000 ndi 2,000, masiteshoni otalikirana makilomita 8 mpaka 12, ndi nyengo yofanana ndi imene mudzakonzekeremo. Mipikisano yotchuka ija, monga UTMB yozungulira phiri la Mont Blanc kuchokera ku Chamonix ku France, ya makilomita oposa 170 ndi mamita pafupifupi 10,000 okwera, kapena Western States ya ku California yomwe imatseka pakatha maola 30, salowamo munthu asanamalizeko ina. Imeneyo ikudikirani.

2. Masabata 16 mpaka 20 ozoloweza thupi

Yambani ndondomekoyi ngati mwakhala kale mukuthamanga makilomita 30 mpaka 40 pa sabata kwa miyezi ingapo popanda kuvulala. Ngati simunafike pamenepo, mangani kaye maziko amenewo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma minyewa ndi mafupa zimachedwa, n'chifukwa chake munthu amene wawonjezera mtunda mofulumira amamva kupepuka thupi lonse kwinaku bondo likuyamba kudandaula.

Pa sabata thamangani masiku anayi kapena asanu. Ambiri mwa masikuwo liwiro likhale loti mutha kulankhula chiganizo chonse osadukiza. Tsiku limodzi likhale la zitunda, lina la ulendo wautali. Wautaliwo muziuyeza ndi maola: yambirani pa maola awiri, muziwonjezera mphindi 15 mpaka 20, mpaka mufike maola anayi kapena asanu. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani zonse ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuti thupi lichire. Kuthamanga makilomita 50 onse pokonzekera n'kosafunika. Makilomita 30 mpaka 35 m'njira yofanana ndi ya mpikisano akwana. Kawiri kapena katatu m'miyezi iwiri yomaliza, chitani maulendo aatali masiku awiri otsatizana, maola anayi lero, awiri mawa. Tsiku lachiwirilo ndi limene limakuonetsani mmene miyendo idzamvekere pa kilomita 38.

Phunziraninso kuyenda, musachite manyazi. Pa ultra ya m'mapiri ngakhale akatswiri amayenda pa zitunda zikuluzikulu. Weramirani kutsogolo pang'ono, ikani manja pa ntchafu cha pamwamba pa mawondo, muzikankha pa sitepe iliyonse, mapazi muziponya pafupipafupi. Kuyenda kotere kumagwiritsa ntchito minofu mosiyana ndi kuthamanga, ndiye amene sanakuzolowere amayamba kumva msana ndi akatumba.

Koma chimene chimapha miyendo ndi kutsika. Pokwera mumapuma wefuwefu, mukafika pamwamba n'kupezanso bwino. Potsetsereka mpweya umakhala phee, mumaona ngati mukupumula, pamene minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikugwira ntchito ya mabuleki: imakungika kwinaku ikukokedwa kutalika, ndipo pa sitepe iliyonse timinofu tating'ono timang'ambika. Simumva kanthu pa chitsetse choyamba. Mumadzamva pa chachinayi, pamene miyendo yasanduka mitengo ndipo mukutsika chammbali ngati nkhanu, anzanu amene munawapitirira m'mawa akukudutsani mmodzimmodzi. Ubwino wake, thupi likapwetekedwa motere kamodzi kapena kawiri limadziteteza kwa masabata angapo otsatira. Ndiye pamasabata awiri alionse pezani malo otsetsereka a mphindi 5 mpaka 10, mutsike mothamanga ndithu, mukwere poyenda, mubwereze katatu kapena kanayi. Mudzamva kuwawa masiku awiri kapena atatu, ulendo wotsatira kudzachepa. Komaliza kuchita zimenezi kukhale kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mpikisano uchitike.

Katsikidwe kake ndi aka: masitepe afupiafupi ndi ofulumira, phazi lizitera pansi pa thupi, maso aziona mamita atatu kapena asanu kutsogolo, manja atambasuke pang'ono. Mantha amachititsa munthu kupendekera kumbuyo n'kumaponda ndi chidendene, ndipo pamenepo mpamene nsapato imaterereka.

Kawiri pa sabata, mphindi 20 zokha, limbitsani miyendo. Imani ndi mwendo umodzi pa sitepe yotalika masentimita 20 mpaka 30, mutsitse chidendene cha mwendo winawo mpaka chikhudze pansi mukuwerenga mpaka 4, mukwerenso. Kakhumi mwendo uliwonse, maulendo atatu. Onjezerani kunyonyomala, kunyang'ama pa zala, ndi kuima ndi mwendo umodzi mutatsinzina kwa masekondi 30, zomwe zimathandiza akakolo kuti asabinye pa miyala.

3. Phunzitsani mimba

Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi pafupifupi magalamu 500. Pa liwiro lalikulu ameneyo amatha maola awiri asanakwane. Pa liwiro la ultra amakhalitsako chifukwa thupi limagwiritsanso ntchito mafuta, komabe maola 9 sangafike. Akatha, miyendo imalemera, mutu umachita chimbuuzi, ndipo munthu amakwiya ndi chilichonse.

Cholinga ndi magalamu 60 pa ola a chimene pa mapaketi amalemba kuti carbohydrate. Gel mmodzi, kapaketi ka madzi ashuga okhathamira ka othamanga, amakhala ndi magalamu 20 mpaka 25. Nthochi ya pakatikati ili ndi pafupifupi 25. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi pafupifupi 35. Matumbo amatha kulowetsa shuga wa mtundu wa glucose wokwana pafupifupi magalamu 60 pa ola, pamene wa mtundu wa fructose amadzera khomo lina, n'chifukwa chake zakudya zosakaniza mitundu iwiriyi zimalola ena kufika pa 90. Inu pa mpikisano woyamba musalimbane ndi 90. Yambirani pa magalamu 30 mpaka 40 pa maulendo anu aatali, muzikweza pang'onopang'ono. Mimba nayo imazolowera ngati mwendo.

Tsopano chitani masamu a tsiku lonse. Maola 9 kuchulukitsa ndi 60 ndi magalamu 540, omwe ndi ma gel oposa 20. Ndi ochepa amene lilime lawo lingapirire zotsekemera zochuluka choncho. Pofika ola lachisanu, kungoona paketi kumabweretsa nseru. Choncho sakanizani: zotsekemera, zamchere monga mbatata yophika yothira mchere kapena mabisiketi amchere, ndi chakumwa chokhala ndi shuga. Fufuzani zimene masiteshoni a mpikisano wanu adzakhale nazo, muziyesere kunyumba. Chimene simunachiyesepo mukuthamanga musadzachidye tsikulo, ngakhale chioneke chokoma bwanji pa tebulo.

Yambani kudya mphindi 30 mpaka 45 zoyambirira, njala isanabwere, ndipo tcherani wotchi kuti izilira pamphindi 20 kapena 25 zilizonse. Nthawi yabwino yotafuna ndi pamene mukuyamba kuyenda pa chitunda chosawirira. Potsetsereka manja ndi maso zili ndi ntchito ina. Gel aliyense atsatane ndi madzi okha makamwa atatu kapena anayi. Kumwera gel chakumwa cha shuga kumaunjika shuga wambiri m'mimba, ameneyo amakoka madzi kulowa m'matumbo, kenako mumayamba kufunafuna tchire.

Nseru ikabwera, nthawi zambiri gwero lake ndi liwiro ndi kutentha. Magazi amakhala athawira ku minofu ndi ku khungu, mimba yatsala yokha, chakudya changoti tsonga osagayika. Bwererani pa kuyenda kwa mphindi 10 mpaka 15, dzithireni madzi m'mutu ndi m'khosi, muzipsontha madzi okha, kenako yesani kachidutswa kakang'ono ka chamchere. Ambiri akasanza kamodzi amapeza bwino n'kupitiriza. Cholakwika chachikulu ndi kusiyiratu kudya chifukwa cha nseru, chifukwa pakatha ola mavuto amakhala awiri.

4. Madzi, mchere ndi mankhwala

Dziwani thukuta lanu. Dziyezeni pa sikelo muli osavala, thamangani ola limodzi, dzipukuteni, mudziyezenso. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo muwonjezerepo amene munamwa. Mwachitsanzo, ngati munali 70.0, mwabwera 69.4, ndipo munamwa mamililita 400, mukutaya lita imodzi pa ola. Bwerezani tsiku lotentha ndi tsiku lozizira. Simukuyenera kubwezera onsewo. Ambiri zimawayendera akamamwa mamililita 400 mpaka 800 pa ola, motsatira ludzu. Nambalayi ikuthandizani kudziwa madzi oti munyamule: ngati pakati pa masiteshoni awiri pali maola awiri, lita imodzi ikhoza kuchepa dzuwa likaswa mtengo.

Kumwa mopitirira n'koopsa kwambiri, ndipo kumagwira makamaka othamanga pang'onopang'ono, amene ali ndi nthawi yambiri yomwera. Madzi akachuluka, sodiyamu (mchere) wa m'magazi amasungunuka n'kutsika pansi pa 135 pa muyeso wa achipatala, vuto lotchedwa hyponatremia. Munthu amamva mutu, mimba imafufuma, amasanza, kenako amasokonezeka, ndipo zikafika poipa ubongo umatupa. Chosautsa n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, ndiye anzake amamuumiriza kumwanso. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri, mimba ikuchita khuchukhuchu, ndipo mulibe ludzu, lekani kumwa, idyani chamchere, muuze achipatala pa siteshoni. Mapilitsi a mchere sateteza munthu amene akumwa mopyola.

Mchere uli ndi malo ake. Amene chipewa chawo chimatsala ndi mizere yoyera thukuta likauma angafunike mamiligalamu 300 mpaka 600 a sodiyamu pa ola, kuchokera mu chakumwa, chakudya kapena mapilitsi. Koma kukokana kwa minofu kawirikawiri kumabwera chifukwa cha kutopa kwa minofu imene yagwira ntchito yoposa imene inazolowera. Chepetsani liwiro, wongolani mnofuwo pang'onopang'ono, fupikitsani masitepe.

Mankhwala opha ululu a ibuprofen, diclofenac ndi naproxen asiyeni kunyumba. Pa mpikisano wautali impso zimakhala zikulandira magazi ochepa kwinaku zikusefa zinyalala za minofu yowonongeka, ndipo mankhwala amenewa amachepetsanso magazi opita ku impsozo. Amapwetekanso mimba. Mkodzo ukatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, mpikisano wathera pomwepo, pitani kuchipatala.

5. Mapazi

Nsapato muyese madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi amene mudzathamangire. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja mopingasa. Timano ta kunsi kwa nsapato ta mamilimita 3 kapena 4 timakwana pa njira youma, pa matope pamafunika 5 kapena 6. Ithamangireni makilomita osachepera 80 tsikulo lisanafike, kuphatikizapo ulendo umodzi wautali wokhala ndi zitsetse.

Kabowo ka zingwe komaliza kaja ka pamwamba pa nsapato, kamene ambiri sakagwiritsa ntchito, n'kothandiza potsika. Lowetsani chingwe chilichonse m'kabowo ka mbali yake yomweyo kuti pakhale kakhutu, pingasitsani zingwezo kudzera m'timakutu timeneti, kokerani pansi, mumange. Chidendene chimakhazikika, phazi silithamangira kutsogolo, zala sizimenya nsapato. Zikhadabo wengani mowongoka kutatsala masiku anayi kapena asanu, kuti ngati mwadzicheka papole. Masokosi a thonje amasunga madzi, pezani a ubweya wopyapyala kapena a nsalu youma msanga.

Thuza limabwera khungu likamakokedwa uku ndi uku pamwamba pa fupa, makamaka phazi likanyowa ndi kutentha. Lisanatuluke, pamalopo pamayamba kutentha ngati mwaponda kakhala ka moto. Imani nthawi yomweyo. Vulani, pukutani paume, matani tepi yomata bwino, makona ake mutawadula mozungulira kuti sokosi isaikolope, ndipo isakhale ndi makwinya. Mphindi zitatu zimenezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kutsimphina makilomita 20, kumene kumasintha kapondedwe mpaka bondo ndi chiuno kuyamba kuwawa. Kamwala kakalowa mu nsapato, chimodzimodzi, katulutseni pompo. Malo amene mukudziwa kale kuti amavuta, matanitu tepi usiku woti mawa ndi mpikisano. Thuza likakula mpaka kulephera kuponda, libooleni m'mbali ndi singano yoyera, finyani madzi, khungu lisiyeni pomwepo, mumate. Lamagazi asiyireni achipatala.

Kunyuka nako kumasiyitsa anthu mpikisano, ngakhale sakonda kukunena. Pakani Vaseline kapena mafuta ena oterera m'mphechepeche, m'khwapa, pansi pa lamba wa bra, ndi pamene chikwama chimakhuza. Abambo amate tepi pa nsonga za mawere. Tengani kabotolo kakang'ono kodzapakanso pakati pa ulendo.

6. Katundu wa pamsana

Okonza mpikisano amapereka mndandanda wa katundu wokakamiza, ndipo amayendera. Kawirikawiri mumakhala jekete yosalowa madzi, bulangeti lopyapyala longa nsalu ya siliva, kherere, foni, kapu, madzi osachepera lita imodzi, ndi tochi ya pamutu. M'mawa kukamawala bwino, jekete imaoneka ngati katundu wolemetsa pachabe. Kumbukirani kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo pamwamba pamakhala mphepo, inu muli chinyowere ndi thukuta, shuga watha m'thupi. Pa 22 May 2021, pa mpikisano wa makilomita 100 m'chigawo cha Gansu ku China, matalala, mvula yozizira ndi chimphepo zinapeza othamanga ali pa chitunda, ambiri atavala kabudula ndi malaya opyapyala. Mwa anthu 172 amene ananyamuka, 21 anamwalira. Ena mwa iwo anali akatswiri odziwika.

Jekete valani musanazizidwe, mukamayandikira pamwamba kapena mukaona mitambo ikusintha. Zala zikauma ndi chisanu ngakhale zipi imakanika kutseka. Munthu akayamba kunjenjemera kwambiri, kupunthwapunthwa ndi kulankhula mokoka lilime, thupi lake lazizira moopsa, ndipo kunjenjemerako kukasiya iye akadali wozizira, zafika poipa. Bulangeti la siliva lija likulungidwe m'kati mwa jekete, pafupi ndi thupi, chifukwa kunja mphepo imaling'amba.

Tochi ikhale ya malumeni (muyeso wa kuwala) 300 kapena kuposa, ndi batire lapadera, ngakhale mukuganiza kuti mudzamaliza dzuwa lisanalowe. Ikani mapu a njira, fayilo ya GPX, mu wotchi kapena mu foni moti azitseguka popanda intaneti, ndipo nambala ya okonza mpikisano isungeni. Kuitana chithandizo ndi kherere, ku mapiri a Alps amaimba kasanu n'kamodzi pa mphindi imodzi n'kupuma mphindi, ku North America amaimba katatu. Ndodo zothamangira zimathandiza pa zitunda zazitali ngati malamulo akuzilola, koma muzizolowere kwa masabata angapo, apo ayi zimangotopetsa mapewa. Katundu yense muthamange naye pa maulendo aatali atatu omaliza, madzi ali odzaza, kuti mudziwe pamene pakugwedera ndi pamene pakukhuza.

7. Masabata awiri omaliza

Chepetsani maola othamanga ndi gawo limodzi mwa atatu, sabata yomaliza mufike pa theka kapena kucheperapo. Mphamvu zatsopano simungazipeze m'masiku amenewa, koma kuvulala mungakupeze. Tsiku limodzi kapena awiri omaliza chulukitsani zakudya monga mpunga, buledi ndi pasta, muchepetse nyemba, ndiwo zamasamba zosaphika ndi zamafuta ambiri. Chakudya cham'mawa chikhale chozolowereka, kutatsala maola awiri kapena atatu. Tulo tofunika ndi ta usiku wa dzana lake, chifukwa usiku womaliza ambiri sagona bwino.

Lembani kapepala kamodzi: dzina la siteshoni iliyonse, kilomita yake, mamita okwera kukafika kumeneko, nthawi imene mukuyembekeza kufika, nthawi yotsekera, ndi madzi oti munyamule. Kakutireni ndi tepi yoonekera kuti kasanyowe. Pa ola la 7 mutu sutha kuchotsera 34 pa 50. Ngati amalola kutsogoza chikwama pakati pa njira, ikanimo masokosi ouma, malaya, chakudya cha theka lachiwiri ndi tepi.

8. Tsiku la mpikisano

Imani cha kumbuyo. Ola loyamba miyendo imakhala yopepuka chifukwa mwapumula, anthu akukuwa, aliyense akuthamanga ngati mpikisano ndi wa makilomita 10. Kuthamanga sikufika. Asiyeni apite, ambiri mukawapeza. Gawo loyamba mwa magawo atatu a njira muzimva ngati mukuchedwa mochititsa manyazi. Chitunda chilichonse chimene chikukulepheretsani kulankhula, yendani. Chitsetse choyamba tsikani mofewa ngakhale chikukukopani, chifukwa ngongole yake imabwezedwa masana.

Siteshoni imadya nthawi mwakachetechete. Masiteshoni 6, mphindi 10 pa iliyonse, ndi ola lathunthu. Kukatsala mamita 500, nenani mumtima zimene mukachite: madzi, chakudya, kutaya zinyalala, mapazi. Masulanitu zitsekerero za mabotolo. Thirani madzi poyamba, tengani chakudya m'manja, mudye mukuyenda. Mpando ukhalireni pokhapokha pali ntchito yofuna kukhala, monga kusintha masokosi, chifukwa miyendo ikazizira kudzuka kumavuta.

Njira amaiika zizindikiro, timaliboni kapena timbendera. Anthu amasochera kwambiri potsatira mapazi a mnzawo wa kutsogolo mutu uli pansi, ndipo gulu lonse limatha kulowera kolakwika. Pa mphambano iliyonse dzionereni nokha chizindikiro. Mukatha mphindi zisanu osaona china, bwererani pa chomaliza chimene munaona, musadule tchire poganiza kuti mukumana nayo kutsogolo. Wotchi ya GPS imasiyana ndi makilomita a okonza, nthawi zina ndi kilomita yathunthu kapena kuposa, makamaka m'nkhalango ndi m'zigwa. Siteshoni ikachedwa kuoneka musapse mtima.

Nthawi yoipa idzafika, mwina pakati pa kilomita 30 ndi 40. Zonse zidzaoneka zopanda pake. Musanakhulupirire maganizo amenewo, dzifunseni mafunso anayi: ndadya liti, ndamwa bwanji, ndatenthedwa kapena ndazizidwa, ndakodza liti? Kawirikawiri yankho lili pa funso loyamba. Idyani magalamu 30, yendani mphindi 10, muone. Lekani kuwerenga makilomita otsala, ganizirani za siteshoni yotsatira yokha. Kumapeto kuno nyamulani mapazi, chifukwa anthu amagwa kwambiri pamalo osavuta, pamene maso amasuka ndipo chala chikukwekwereza pansi n'kukola muzu.

9. Nthawi yosiya, ndi mukamaliza

Kutopa, nseru yapakatikati ndi kuwawa kwa minofu mbali zonse ziwiri si zifukwa zosiyira. Musagamule muli pakati pa chitunda. Fikani pa siteshoni, idyani, dikirani mphindi 15, muganize bwino. Koma pali zizindikiro zosakambirana: kusokonezeka mutu, kupweteka pachifuwa, kusanza kosalekeza moti ngakhale madzi sakukhala, mkodzo wakuda, kupweteka kobaya pamalo amodzi pa fupa kumene kukukulira pa sitepe iliyonse, ndi kudzandira kapena kubwebweta kunja kukutentha. Chomalizachi chimafuna kuziziritsa thupi msanga ndi madzi ozizira ambiri pamene chithandizo chikubwera. Mukasiya, uzani oyang'anira siteshoni ndipo alembe nambala yanu. Mukangochoka mwakachetechete, anthu adzakhala akukusakani m'phiri usiku.

Mukadutsa mzere womaliza musaime chilili. Minofu ikasiya kupopa, magazi amatsalira m'miyendo ndipo munthu amatha kukomoka. Yendaniyendani pang'ono, kapena gonani chagada miyendo mutaikweza. Valani zouma ndi zofunda nthawi yomweyo, chifukwa thupi limazizira msanga ngakhale kunja kukutentha. Idyani chimene mimba ilole, ndipo konzanitu woti adzakuyendetseni, musadzagwire chiwongolero nokha.

Kuwawa kumafika pachimake tsiku lachiwiri. Masitepe a nyumba tsikani chafutambuyo mutagwira chogwirira, ntchafu zimapepukidwa. Masiku asanu mpaka 7 oyamba yendani chabe, kenako yambani ndi mphindi 20 kapena 30 zofewa pamalo athyathyathya. Mapazi akhoza kukhala otupa masiku angapo. Chikhadabo chimene chada musachizule, chidzagwa chokha pakapita masabata, ndipo cha chala chachikulu chimatha kutenga chaka kuti chimerenso chonse.